Mayi Changu Aphunzira Kudikira

Dzina lakuti Changu sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi ana a sukulu, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Polowa m'kalasi ankati changu, potsegula mabuku changu, pofufuta bolodi changu. Amuna awo, omwe amakonza njinga pakhonde la nyumba yawo, ankauza anthu kuti mkazi wawo amakalipira ndi madzi omwe akachedwa kuwira. Dzinalo linawamata ngati chisoso pansalu. Mpaka lero abambo a ndevu zawo, amene anadutsa m'manja mwawo kalekale, akakumana nawo mumsewu amavula chipewa n'kupereka moni kwa Mayi Changu, ndipo iwo ankayankha akuyenda, poti kuima sankakudziwa.

Anali ataphunzitsa Sitandade 3 kwa zaka 26, m'chipinda chomwechomwecho, chakumapeto kwa mdadada, pafupi ndi mpopi. Mbali imodzi ya chipindacho inali ndi mazenera atatu. Mbali inayo linali khoma lokhalokha, popachikidwa tchati cha zilembo chosuluka ndi ukalamba. Madesiki anali m'mizere inayi, iwiri ya kuzenera, iwiri ya kukhoma, ndipo chaka chimenecho ana analipo 64.

Pa zaka zonsezo Mayi Changu anali atatola nzeru imodzi imene ankaigawa kwaulere kwa aliyense wofuna kumva: mwana waulesi amakonda khoma ngati nalimata. Umboni anali nawo. Chaka ndi chaka okhoza bwino ankachokera kuzenera, ndipo obwereza kalasi ambiri anali a kukhoma.

Mmodzi mwa a kukhomawo anali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi amene anzake ankamutchula kuti Kachete. Anali mwana wa mayi wina telala, wosoka pakona ya msewu wopita kumsika. Kachete ankabwereza kalasiyo. Makope ake anali aukhondo, zilembo zake zoima bwino ngati zosokedwa pamakina, koma mawu ake m'kalasimo palibe ankawadziwa. Teremu yachiwiri itangoyamba, amayi ake anabwera kusukulu tepi yoyezera ili m'khosi. Sanakalipe. Anangonena kuti akuona ngati akuvutitsa mwana ndi aphunzitsi omwe, ndiye ngati chaka chino alepheranso, amukhazika pashopu aziika mabatani ndi kusita.

"Mutu ukakana, madamu, manja asakanenso," anatero atelala, n'kutsanzika.

Mawuwo anawakhala pamtima Mayi Changu. Mwanayo ankamukonda. Ndi amene ankatola tizidutswa ta choko pansi n'kutiika patebulo popanda womutuma. Koma akanatani? Nalimata ndi nalimata.

M'masiku omwewo ahedi anabwera kuchokera ku maphunziro ndi nkhani yatsopano. Anati Lachinayi lililonse ana akaweruka, aphunzitsi azikumana, ndipo aliyense abwere ndi funso limodzi lokhudza kaphunzitsidwe kake, alifufuze yekha m'kalasi mwake, abweretse zimene wapeza. Anachenjeza kuti safuna mafunso odandaula za makolo, za kuchepa kwa mabuku kapena za denga lodontha. Funso likhale la iwe mwini.

Aphunzitsi anang'ung'udza monga mwa nthawi zonse. A Mluzu, aphunzitsi a Sitandade 5 amene amayang'aniranso masewera, anafunsa ngati munthu angathe kudzionera yekha kunkhongo. Itafika nthawi ya Mayi Changu, anati funso lawo ndi lakale ndipo yankho lake akulidziwa kale, koma poti ahedi afuna funso, nali: n'chifukwa chiyani ana aulesi amakonda khoma?

Onse anaseka, kupatula mphunzitsi wamng'ono wa Sitandade 2, amene anzake ankamutcha Kabuku chifukwa sankasiyana ndi kabuku kolembamo zilizonse. Kabuku anali atangomaliza kumene kukoleji, ndipo ali mwana anaphunzira m'chipinda chomwecho cha pafupi ndi mpopi. Anapempha mwaulemu kuti ana ake akaweruka, poti a Sitandade 2 amaweruka msanga, azikakhala kumbuyo kwa kalasi ya Mayi Changu n'kumaonerera.

"Iwe, ndinakupukuta mamina ndine," anatero Mayi Changu. "Lero ukufuna kundiyeza?"

"Sindikuyezani, amayi. Ndizingoika madontho."

"Bwera uike. Koma changu."

Lolemba Kabuku anabwera ndi kalendala yakale. Kuseri kwake anali atajambula kalasi yonse, kabokosi kamodzi kuimira mwana mmodzi, dzina lili m'kati. Anakhala pakona. Mayi Changu akaloza mwana kuti ayankhe, iye ankaika kadontho m'kabokosi ka mwanayo. Akafunsa funso, iye ankagogoda chala pabondo mwakachetechete, kuwerenga kuti padutsa nthawi yaitali bwanji funsolo lisanapite kwa wina. Anachita zimenezi masiku atatu. Mayi Changu anaphunzitsa ndi mphamvu zonse, monga amachitira munthu akadziwa kuti pali maso, ndipo anakhutira kuti mwanayo waona mmene akuluakulu amagwirira choko.

Lachitatu ana atapita, Kabuku anayala kalendala ija patebulo. Mayi Changu anaiyang'ana, n'kuitembenuza poganiza kuti yazondoka. Mbali ya kuzenera inali bii ndi madontho, ngati nyerere zapeza shuga. Mbali ya kukhoma inali mbee, kadontho apa, kena uko. Pa madontho 112, a kukhoma anali khumi ndi asanu okha. Kabokosi ka Kachete munalibe kanthu.

Anayamba ndi kukana. Anati a kukhomawo sakweza manja, ndiye munthu angaloze bwanji dzanja limene kulibe? Kabuku anatsegula kabuku kake n'kuwerenga kuti Lolemba Kachete anakweza dzanja kawiri, kufika paphewa, Lachiwiri kamodzi, ndipo anzake ena asanu a mzere womwewo anakwezanso. Kenaka anawapempha kuti atenge buku ndi choko, alembe pabolodi monga amachitira masiku onse, atembenuke ngati akufunsa funso.

Mayi Changu analemba, n'kutembenuka. Anapezeka atayang'ana kuzenera. Analembanso, n'kutembenukanso. Kuzenera. Kachitatu anaima chilili, buku lili m'manja, ndipo anazindikira chimene thupi lawo linkachita okha osadziwa. Maso anali atayamba kufooka kalekale, ndiye kuti aone zilembo ankapendeketsa buku kumene kukuchokera kuwala. Buku likapita kuzenera, nkhope inkatsatira, ndipo mizere iwiri ya kukhoma inkangoona msana ndi mfundo ya duku.

"Nanga amene amasankha pokhala ana ndani?" anafunsa Kabuku motsitsa mawu.

Funso limenelo silinafune yankho. Tsiku loyamba la chaka Mayi Changu ankaitana mayina monga alembedwera m'kaundula, n'kumadzaza madesiki kuyambira kuzenera mpaka kukhoma. Palibe mwana anasankhapo khoma.

"Iwe unkakhala pati?" anafunsa Mayi Changu.

"Desiki yachiwiri, pazenera lapakati."

Mayi Changu anakhala pansi, pa desiki ya mwana, mawondo atagunda kumtunda. Patapita kanthawi anaseka kaphwete kosakoma. Anati ndiye kuti nalimata uja sanakwere khoma yekha, anachita kumuikapo ndi manja awo.

Tsiku limenelo anabwerera kunyumba akuyenda pang'onopang'ono, moti amuna awo atawaona akutulukira anasiya sipanala n'kufunsa ngati adwala. Anakhala pa benchi ya makasitomala n'kufotokoza zonse, mpaka kuyamba kutchula mayina a ana a zaka zam'mbuyo amene anakhalapo kukhoma. Bamboyo anamvetsera uku akuzunguza gudumu la njinga limene anali kuwongola. Atatha anawaonetsa mmene linkayendera mokhota, n'kunena kuti gudumu likamangidwa masipoko mbali imodzi limapita kumbali, ndipo mwini njinga amatukwana msewu. Koma palibe amataya gudumu chifukwa cha zimenezo. Umamasula uku, kumanga uko, kuzunguza, kuyang'ana, kumanganso.

"Ndiye mwati zaka 26, mayi? Ine gudumu la zaka makumi atatu ndinaliwongolapo."

"Mukundiyesa njinga, bambo?"

"Njinga ili ndi mabuleki. Inu mulibe."

Anaseka onse awiri, ndipo m'mawa mwake Mayi Changu anadzuka ndi changu chawo chakale.

Choyamba chimene anayesa chinali chapafupi: anasinthanitsa ana. A kukhoma anapita kuzenera, a kuzenera kukhoma. Kabuku anajambula kalendala ina n'kubwereranso pakona pake. Patatha sabata ziwiri, madontho anali adakali kuzenera. Akatswiri aja amene anasamutsidwira kukhoma anayamba kuyasamula, kutsinana ndi kujambula magalimoto m'makope, ndipo mmodzi anakauza amayi ake kuti madamu anasiya kumukonda. Kachete tsopano anali ndi madontho anayi, koma pa maulendo anayi onsewo sanatulutse liwu. Kabuku anaonetsa chifukwa chake. Chala chake sichinkagogoda kupitirira kawiri. Mwana akangoimirira n'kutsegula pakamwa, Mayi Changu anali atanena kale kuti, "Chabwino, wina, changu!" Ndipo mafunso asanu ndi anayi anawayankha iwo eni.

Lachinayi anakaima pamaso pa anzawo ndi makalendala awiri n'kuulula zonse, osabisa kanthu. Anati matenda apezeka awiri, khosi lokhota ndi lilime lothamanga, ndipo mankhwala oyamba sanagwire. A Mluzu anaseka mpaka kupukuta misozi, koma itafika nthawi yawo anavomera kuti iwonso anadzijambula mawu pa foni, ndipo pa mphindi 35 za phunziro anayankhula okha mphindi 31. Anati atamvetsera anagona. Kuyambira tsiku limenelo misonkhano ya Lachinayi inasanduka yosangalatsa. Aliyense ankabwera ndi chilema chake m'manja, n'kumachionetsa monyadira ngati mwana wobadwa kumene.

Mankhwala achiwiri anali ndi mbali zitatu. Loweruka Mayi Changu anakayezetsa maso n'kubwera ndi magalasi, amuna awo n'kuwakumbutsa kuti akhala akunena zimenezi kuyambira mwana wawo wachisamba ali kusekondale. Lolemba anawerama n'kujambula ndi choko mapazi awiri pansi, kutsogolo kwa mizere ya kukhoma, ena awiri pakati, ena kuzenera. Anauza ana kuti funso lililonse azifunsa ataima pa mapazi ena, ndipo akaiwala awakumbutse. Anawo anailandira ntchitoyo ndi manja awiri. Akangoona kuti thupi layamba kupendekera kuzenera, kalasi yonse inkaimba pamodzi kuti, "Madamu, mapazi!" Iwo ankabwerera akuseka, akunena kuti abereka apolisi.

Mbali yachitatu ndiyo inavuta. Anagwirizana ndi Kabuku kuti akaloza mwana aziwerenga chamumtima mpaka khumi asanayankhulenso. Koma kuwerenga kwa Mayi Changu kunali kwa changu, moti khumi lawo linkakwana chala cha Kabuku chitagogoda katatu. Atadandaula kunyumba, amuna awo anatsegula kachitini n'kuwerenga timipira khumi tachitsulo, tija timakhala m'kati mwa gudumu la njinga. Anatipukuta girisi n'kuwauza kuti azitiika m'thumba la kumanja, ndipo akafunsa funso azisamutsira kamodzikamodzi kudzanja lamanzere. Timipira timeneti n'toterera, ukatithamangitsa timagwa. Tsiku loyamba tinagwa katatu, ana n'kumakwawa pansi pa madesiki kutisaka. Tsiku lachitatu sitinagwe.

Ana anabwezedwa m'malo awo akale kuti zioneke bwino ngati kusintha kukuchokera kwa mphunzitsi. Linali Lachiwiri, phunziro la kuwerenga, kunja kukuwaza kamvula. Pabolodi panali nkhani ya mizere isanu. Mayi Changu anaima pa mapazi a kukhoma n'kutchula Kachete kuti awerenge mzere wachitatu.

Mtsikanayo anaimirira, maso pa desiki. Kampira koyamba kanasamuka. Kachiwiri. Kuzenera manja anali m'mwamba kale, zala zikulira, ena atadzuka theka: ine madamu, ine madamu. Mayi Changu anawatontholetsa ndi diso. Kachitatu, kachinayi. Bata limene linagwa m'kalasimo linali lachilendo, moti madontho a mvula pa malata ankamveka limodzilimodzi. Pa kachisanu ndi chimodzi lilime linayamba kuyabwa. Liwu lija la masiku onse linakwera mpaka pakhosi, iwo n'kulimeza. Anaona Kachete akukweza maso kuyang'ana bolodi, milomo ikugwedera popanda mawu, ngati munthu amene akulowetsa ulusi pa singano. Kachisanu ndi chiwiri. Kachisanu ndi chitatu.

Pa kachisanu ndi chinayi kunamveka mawu aang'ono, osasa pang'ono chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Anawerenga liwu loyamba, n'kupuma. Lachiwiri. Pa liwu lalitali anakakamira, n'kulidula pakati, n'kulilumikiza yekha. Anafika kumapeto kwa mzere n'kuima, osadziwa chochita, poti sanafikepo kumeneko.

Mnyamata wokhala naye pa desiki ndi amene anaswa batalo. Anati, "Aa, kodi amayankhula?" Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka ndi kuwomba m'manja, ndipo Kachete nayenso anaseka atabisa nkhope m'buku. Mayi Changu anavula magalasi atsopano aja n'kunena kuti fumbi la choko lawalowa m'maso. Kumbuyo, Kabuku anaika dontho lalikulu kuposa onse, lotuluka m'kabokosi.

Sikuti zonse zinatheka tsiku limenelo. Kachete anali wotsalira ndithu, ndipo ena a kukhoma anali otsalira kuposa iye. Koma tsopano Mayi Changu ankawamva, ndipo mwana ukamumva umadziwa pamene akupunthwa. Anapeza kuti wina sasiyanitsa zilembo ziwiri, wina amaloweza osawerenga, wina saona bwino bolodi ngati iwo omwe. Anayamba kulemba zimenezi m'kope lawolawo, moti a Mluzu anati sukulu ino tsopano ili ndi a Kabuku awiri, wamng'ono ndi wamkulu. Masiku ena ankaiwala, makamaka belu likayandikira, ndipo apolisi awo ankawagwira. Kalendala yachisanu inatuluka ndi madontho omwazika ponseponse ngati nthomba, ndipo anaikhoma pakhoma lija, pambali pa tchati chosuluka.

Mayeso otsiriza chaka atatha, anakhala ndi mapepala patebulo la m'kalasi masana onse. Pepala la Kachete analiika pansi penipeni, kuopa kuti mtima ungawakondere. Atalifikira analichonga kawiri, n'kupempha Kabuku kuti alichongenso osaona dzina. Kachete anakhoza. Sanali woyamba kapena wakhumi, anali wa nambala 27 pa ana 64. Ku mizere ya kukhoma, kumene zaka zina kunkatsala ana khumi ndi awiri kapena kuposa, chaka chimenecho kunatsala atatu.

Tsiku lotsekera atelala anabwera, tepi ili m'khosi, kaphukusi m'khwapa, Kachete akuwatsatira pambuyo. Mayi Changu anawapatsa lipoti. Iwo analiyang'ana pang'ono n'kulipereka kwa mwana kuti awerenge ndiye, ndipo anawerenga lonse mpaka ndemanga ya ahedi.

Kenaka atelala anayamba kudandaula, koma maso akuseka. Anati madamu awaonongera mwana. Kale pashopu panali mtendere, tsopano akuwerenga chilichonse, zikwangwani, mapepala okulungira sopo, zolemba za pa makina. Dzana anatsegula buku la miyeso n'kuwerenga mokweza kukula kwa chiuno cha mayi wina, mwini wake ali pomwepo ndi anzake atatu.

"Ndiye munthu wotereyu ndingamukhazike pashopu? Andithawitsira makasitomala onse. Mutengeni, madamu, apite ku Sitandade 4. Mabatani ndiziika ndekha."

Anamasula kaphukusi kaja. Munali epuloni yabuluu ya matumba awiri akuya, lina kumanja, lina kumanzere. Anati mwana anawauza za timipira tomwe timagwa, ndiye matumbawo awasoka kawiri kuti asabooke. Mayi Changu anaivala pomwepo pamwamba pa diresi lawo la tsiku lotsekera. Anafuna kuthokoza, koma mawu anachedwa kubwera, ndipo atatu onsewo anangoima akudikira. Kachete ndi amene ananong'ona kuti, "Musafulumire, madamu. Tikudikirani."

Chaka chotsatira, tsiku loyamba, anasakaniza mayina m'chipewa cha amuna awo asanakhazike ana pa madesiki. Mumsewu tsopano amaima akapatsidwa moni, ngakhale phazi limodzi limakhala likugwedera. Dzina lija silinachoke, ndipo iwo safuna kuti lichoke. Sabata yachiwiri Kabuku anabwera kudzawapempha kuti nawonso akakhale kumbuyo kwa kalasi yake, chifukwa akukayikira kuti amafunsa anyamata kuposa atsikana. Mayi Changu anakathothola kalendala ya mu ofesi ya ahedi chaka chisanathe n'komwe, ananola pensulo, n'kutsogola pakhonde epuloni ikulira timipira. Kabuku ankachita kuthamanga kuti awapeze.